Buku lofika mochedwa: Nehru, Chipembere ndi mapiri a Ntchisi ndi Dowa

Pa 5 Ogasiti 1930, ku Kayoyo m'mapiri a Ntchisi, m'banja la mphunzitsi wa mpingo wa Anglican, a Habil Chipembere, mudabadwa mwana wamwamuna yemwe adamutcha Masauko. Tsiku lomwelo, kutali ku India, Jawaharlal Nehru adali m'ndende ya Naini, momwe boma la Britain lidamutsekera mu Epulo chaka chomwecho pa mlandu wophwanya lamulo la mchere. Anthu awiriwa adalimbana ndi ufumu umodzi, adagona m'ndende zake, ndipo aliyense pa nthawi yake adakhala pansi n'kulemba mbiri ya moyo wake. Buku la Nehru lidatuluka mu 1936, mwini wake ali moyo, ali ndi zaka 46, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati. Buku la Henry Masauko Chipembere lidatuluka mu 2001, patatha zaka 26 mwini wake atamwalira ku Los Angeles, ndipo lidatuluka losamaliza.

Ambiri a ife tidaphunzira mbiri ya ufulu wa Malawi ngati mndandanda wa zaka zoti tiloweze mayeso a Fomu 4 asanafike: 1953 chitaganya, 1958 kubwera kwa Kamuzu, 1959 kumangidwa kwa atsogoleri, 1964 ufulu. Sitidafunsidwe kuti amene adachita zinthuzi adanenapo chiyani ndi pakamwa pawo, kapena kuti mawu awowo adatifika liti. Mfundo yanga ndi yakuti mtundu umene umawerenga atsogoleri ake akadali moyo umazolowera kukangana nawo, pomwe mtundu umene umangowaimbira nyimbo umazolowera kuwaopa. Mapiri a Ntchisi ndi Dowa ali ndi mbali zonse za nkhaniyi. Kumeneko ndi kumene kudabadwira wolemba, ndi kumene kuli ndende yomwe idameza anthu omutsatira, komanso ndi kwawo kwa mphunzitsi amene adaonetsa njira ina yosungira mbiri ya munthu.

Buku lolembedwa m'ndende

Nehru adayamba kulemba buku lake, An Autobiography, mu Juni 1934 m'ndende ya Dehra Dun, ndipo adalimaliza mu Febuluwale 1935 m'ndende ya Almora. Inali nthawi yowawa. Mkazi wake Kamala ankadwala chifuwa chachikulu, ndipo adamwalira ku Lausanne mu Febuluwale 1936, bukulo litatsala pang'ono kutuluka ku London. Ntchito yokana malamulo a atsamunda mwamtendere, yomwe idayamba ndi ulendo wa mchere wa Gandhi mu 1930, inali itazilala. Nehru adavomera kumayambiriro kwa bukulo kuti akulemba pofuna kupeza chochita m'ndende ndi kuwongola maganizo ake, ndipo adachenjeza owerenga kuti nkhani yakeyo ndi ya mbali imodzi.

Chodabwitsa kwa munthu wokulira kuno n'chakuti m'bukuli mtsogoleri akukangana ndi mtsogoleri wake poyera. Nehru ankamukonda Gandhi ngati bambo ake, koma adalemba momwe zidamupwetekera pamene Gandhi adaimitsa ntchito yonyanyala boma mu 1922 chifukwa cha zomwe zidachitika ku Chauri Chaura, komwe khamu la anthu lidatentha polisi n'kupha apolisi oposa 20. Adalemba kuti sankagwirizana ndi kusakaniza chipembedzo ndi ndale. Adalembanso za kukhumudwa kwake mu 1934 ali m'ndende ya Alipore, atamva kuti Gandhi waimitsanso nkhondoyo pa zifukwa zimene iye adaziona ngati zosamveka. Za iye mwini sadabise. Mwana wa loya wolemera Motilal Nehru, wophunzira ku Harrow ndi ku Cambridge, adavomera kuti Chingelezi chidamulowa m'magazi moti ankadziona ngati mlendo kwawo komwe, ndiponso kuti kuombera m'manja kwa makamu kunkamukomera.

Zonsezi zidawerengedwa Gandhi ali moyo, Nehru ali pulezidenti wa chipani cha Indian National Congress. Gandhi mwiniwake adali atatulutsa kale mbiri yake, pang'onopang'ono sabata ndi sabata, m'nyuzipepala ya Navajivan kuyambira 1925 mpaka 1929, m'chinenero cha kwawo cha Chigujarati, ndipo adaulula zolakwa zake za paubwana ndi za m'banja. Mmwenye wodziwa kuwerenga ankadziwa kuti atsogoleri ake ndi anthu okayika, olakwa, osemphana maganizo, koma oyendabe limodzi.

Nehru adapitirira pamenepo. Mu Novembala 1937, m'magazini ya Modern Review ya ku Calcutta mudatuluka nkhani yolembedwa ndi munthu wodzitcha Chanakya, yochenjeza kuti Jawaharlal Nehru ali ndi zonse zomuyenereza kusanduka wolamulira mwankhanza, ndipo asamusankhenso kukhala pulezidenti wa chipani. Pambuyo pake zidadziwika kuti Chanakya adali Nehru yemweyo.

Kalata yopanga mpulumutsi

Tsopano tibwere kwathu. Chipembere adabadwira ku Kayoyo chifukwa bambo ake ankagwira ntchito ya mpingo kumeneko, koma mudzi umene dziko limamudziwa nawo ndi Malindi, ku Mangochi. Adaphunzira ku Blantyre Secondary School, ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, kenako ku Fort Hare ku South Africa. Atagwirako ntchito m'boma la atsamunda, adasankhidwa mu 1956 kulowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba pamodzi ndi Kanyama Chiume, ali ndi zaka 25 zokha.

Achinyamatawa adali ndi moto, koma ankadziwa kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangatsatire anyamata. Ankafuna munthu wachikulire, wophunzira, wosadetsedwa ndi mikangano ya m'chipani cha Nyasaland African Congress. Adamupeza mwa Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe panthawiyo adali ku Ghana. M'kalata yomwe lipoti la Devlin la 1959 lidaitchula, Chipembere adauza Banda kuti anthu amafuna ngwazi yoti aziilambira kuti nkhondo ya ndale ipambane, ndipo asadabwe akadzalengezedwa ngati mpulumutsi. Banda adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo zidachitikadi monga kalatayo idanenera. Mu 1960, pa msonkhano wa ku Nkhotakota, kunsi kwa mapiri omwewa a Ntchisi, chipani cha Malawi Congress Party chidamupanga kukhala pulezidenti wake wamuyaya.

Ikani zolembedwa ziwirizi pambali ndi pambali. Mu 1937 mtsogoleri wa ku India akulemba mobisa dzina kuchenjeza anthu kuti asamulambire. Patapita zaka pafupifupi 20, mtsogoleri wachinyamata wa ku Nyasaland akulemba mwamseri kulonjeza munthu wina kuti adzalambiridwa. Sindikunena izi pofuna kunyoza Chipembere. Njira yakeyo idagwira ntchito: chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo mwina popanda munthu mmodzi wosonkhanitsa dziko lonse zikadatenga nthawi yaitali. Koma mlimi wa ku Mponela kapena wa ku Malomo amene ankagula kadi ya chipani sadauzidwe kuti mpulumutsiyo wachita kuumbidwa ndi anthu, pa zifukwa za ndale, ndipo angathe kulakwa. Amene ankadziwa chinsinsicho adali ochepa, ndipo pofika Seputembala 1964 ambiri a iwo adali atachotsedwa kapena kutula pansi maudindo a unduna.

Banda mwiniwake sadatulutse buku la mbiri ya moyo wake. Mbiriyo ankaikamba pa misonkhano, womasulira ali pambali, wopanda woyankha: za ulendo wapansi wopita ku Joni, za kuphunzira ku America, za Gweru, za kuphwanya chitaganya. Amayi ankaiimba m'nyimbo, wailesi ya MBC inkaibwereza. Mbiri yokambidwa pa nsanja imasintha malinga ndi zofuna za tsikulo, ndipo palibe angatsegule tsamba n'kunena kuti, bwana, chaka chatha simudatero. Pamene mtolankhani Philip Short adatulutsa buku lonena za moyo wa Banda mu 1974, bukulo silinkaloledwa m'dziko muno.

Ndende ziwiri, zolembera zosiyana

Wina angafunse kuti bwanji Chipembere sadalembe msanga ngati Nehru, poti naye adakhala m'ndende za Angelezi kawiri: ku Gwelo kuyambira Malichi 1959 mpaka 1960, ndiponso kuyambira 1961 mpaka Januwale 1963 pa mlandu woukira boma. Yankho lina ndi msinkhu. Nehru ankalemba ali ndi zaka 44, ataona zambiri zoti n'kubwerera m'mbuyo kuziunika. Chipembere ku Gwelo adali asanakwanitse zaka 30, ndipo iye ndi anzake maso awo adali kutsogolo. Dunduzu Chisiza, yemwe adagwirapo ntchito ku ofesi ya boma la India ku Salisbury, adagwiritsa ntchito nthawi ya m'ndendeyo kulemba za mavuto odikira mayiko a mu Africa akadzalandira ufulu, kuphatikizapo ngozi ya ulamuliro wankhanza. Kabuku kake, Africa: What Lies Ahead, kadasindikizidwa ku New Delhi mu 1961. Chisiza adafa pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu Seputembala 1962, ali ndi zaka 32.

Yankho lalikulu ndi loti nthawi yoti alembe itakwana, kunalibenso dziko loti liwerenge. Atalephera kulanda boma ndi zida mu Febuluwale 1965, pomwe gulu lake lidalowa m'tauni ya Fort Johnston koma n'kukakanika kuwoloka Shire pa Liwonde, Chipembere adatuluka m'dziko. Adakhala ku America, kenako ku Tanzania komwe adaphunzitsa pa Kivukoni College, n'kubwereranso ku Los Angeles. Matenda a shuga adamutenga pa 24 Seputembala 1975 ali ndi zaka 45, mbiri yake asanaimalize. Chaka chomwecho Chiume adatulutsa yake, Kwacha, ku Nairobi. Kuno kumudzi, lamulo la 1968 loona za mabuku ndi zisudzo lidali litakhwima, ndipo kupezeka ndi buku la munthu amene boma linkamutcha chigawenga kudali kudziitanira tsoka. Zolemba za Chipembere zidadikira mpaka Robert Rotberg adazikonza n'kutuluka mu 2001 pansi pa mutu wakuti Hero of the Nation, m'gulu la mabuku a Kachere.

Tsoka ndikunenali lidali ndi malo ake, ndipo malowo ali m'boma la Dowa. Pa Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, padali ndende ya anthu omangidwa popanda kuzengedwa mlandu. Ambiri amamasulira dzinali kuti ndi lonjezo la wolangidwa, loti ndidzaleka, sindidzachitanso. Kumeneko kudapita anthu oganiziridwa kuti ankatsatira Chipembere ndi nduna zinzake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kudapita anthu mazanamazana a m'mudzi wa Moto, ku Mangochi, amuna, akazi ndi ana, chifukwa mudzi wonse udaganiziridwa kuti ukusunga zigawenga. Chapakati pa zaka zomwezo kudadzaza a Mboni za Yehova, omwe mpingo wawo udaletsedwa mu 1967, ndipo mlandu wawo waukulu udali kukana kugula kadi ya chipani.

Apa mpofunika kunena chilungamo chowawa. Nehru adakhala m'ndende za Angelezi pafupifupi zaka 9 zonse pamodzi, ndipo adatulukamo ndi mabuku akuluakulu atatu: makalata ofotokozera mwana wake Indira mbiri ya dziko lapansi, mbiri ya moyo wake, ndi The Discovery of India lomwe adalemba mu 1944 m'linga la Ahmednagar. Izi zidatheka chifukwa atsamunda ankasiyanitsa akaidi m'magulu, ndipo munthu wotchuka, wophunzira ku England, ankapatsidwa mabuku, mapepala ndi cholembera. Sikuti atsamunda adali achifundo, poti mlimi wamba womangidwa pa mlandu womwewo ankaphwanya miyala. Komabe ndende ya boma lathulathu, la mbendera yathu, siidapereke mwayi umenewo ngakhale kwa ophunzira. Jack Mapanje ku Mikuyu, kuyambira 1987 mpaka 1991, ankasunga ndakatulo zake m'mutu, ndipo buku lofotokoza za ukaidi wake lidatuluka mu 2011. Sam Mpasu adatulutsa lake mu 1995. Amenewa ndi anthu a ku yunivesite. Asodzi a ku Moto ndi alimi okana kadi adatuluka pa Dzaleka opanda pepala, ndipo ambiri adatsikira nazo kumanda.

Kuyambira 1994, Dzaleka ndi msasa wa anthu othawa kwawo, ochokera makamaka ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo lero muli anthu oposa 50,000. Mmodzi mwa amene adakhalamo, Innocent Magambi, adatulutsa mbiri ya moyo wake, Refugee for Life, mu 2015. N'zokondweretsa kuti alendo athu akulemba za malowa. N'zochititsa manyazi kuti mwana wobadwira pa Dowa lero angathe kukula akudziwa Dzaleka ngati msasa ndi msika basi.

Zimene buku la mtsogoleri silinena

Ndisapitirire malire potamanda Nehru. Buku silidapulumutse India ku chilichonse. Mu Juni 1975, miyezi itatu Chipembere asanamwalire, Indira Gandhi, mwana yemwe ankalandira makalata okoma aja kuchokera kundende, adaimika ufulu wa anthu, natsekera otsutsa boma ndi kumanga pakamwa nyuzipepala. Chimene tinganene n'chakuti zidatha miyezi 21, ndipo mu 1977 anthu adamuchotsa ndi voti. Zathu zidatha zaka 30. Zifukwa zake n'zambiri, koma chimodzi mwa izo ndi chizolowezi: anthu amene adazolowera kuwerenga atsogoleri awo akukangana saona kutsutsa ngati kutukwana mfumu.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kwa ife ophunzira mbiri. Mbiri yolemba mwini imaika mwiniyo pakati pa bwalo. Nehru adafotokoza mogwira mtima momwe adakumanira ndi alimi osauka a ku Pratapgarh mu 1920, n'kuona kwa nthawi yoyamba umphawi wa kumidzi ya dziko lake. Koma m'bukumo alimiwo ndi khamu: amabwera, amalira, amaombera m'manja, amamvera. Amene akuganiza ndi Nehru. Za Chauri Chaura timamva momwe zidasokonezera mapulani a atsogoleri, osamva za amuna 19 omwe adanyongedwa pa mlanduwo. Padatenga zaka zoposa 70 kuti katswiri wa mbiri Shahid Amin atulutse buku, mu 1995, atapita kumudziko kukacheza ndi achibale a anthuwo ndi kuwerenganso mafayilo a khoti.

Buku la Chipembere nalo lili ndi malire omwewa, ndipo lili m'Chingelezi. Limatithandiza kumvetsa momwe mnyamata wa kumishoni adasandukira wandale, koma silingatiuze chimene chidakwiyitsa mlimi wa fodya wa ku Dowa. Mlimiyo adali ndi milandu yakeyake ndi boma. Kuyambira 1926 bungwe la Native Tobacco Board ndi lomwe linkalamula wolima fodya, malo ogulitsira, ndipo pambuyo pake ngakhale mtengo. M'zaka za m'ma 1950 malamulo a malimidwe ankakakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi kukumba milambala, ndipo wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. M'mapiri otsetsereka ngati a Dowa ndi Ntchisi ntchito imeneyi inali yothyola msana. Munthu wotereyu akamafuula kuti Kwacha, mwina m'mutu mwake mudali mlangizi wa zaulimi ndi sikelo ya pamsika kuposa nyumba ya malamulo ya ku Salisbury. Chipani chidatenga mkwiyo wake n'kuupatsa dzina la ufulu. Ufulu utabwera, bungwe logula mbewu lidangosintha dzina, mpaka lidakhala ADMARC mu 1971.

Njira ya Ntara

Mwamwayi, mapiri omwewa adatipatsa kale chitsanzo cha momwe tingalembere moyo wa munthu amene sadzalemba yekha. Mishoni ya Mvera idakhazikitsidwa mu Novembala 1889, mwezi womwe Nehru adabadwa, m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo ya Kongwe idatsatira mu 1894. M'sukulu za mishoni imeneyi mudatuluka Samuel Josia Ntara, ena amalemba Nthara, wobadwa mu 1905. Iye adali mphunzitsi, ndipo ankalemba m'chinenero chathu. Buku lake Nthondo lidapambana mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, ndipo lidatuluka m'Chingelezi mu 1934, chaka chomwe Nehru adayamba kulemba ku Dehra Dun. Adalembanso Mbiri ya Achewa, komanso mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi mwa abusa awiri oyamba achikuda a mishoni ya Nkhoma, odzozedwa mu 1925.

Buku lake logwirizana kwambiri ndi nkhani yathu ndi Msyamboza. Msyamboza adali nyakwawa ya mudzi wa Chibanzi, pafupi ndi Kongwe, ndipo adamwalira mu 1926 ali nkhalamba. Moyo wake udadutsa m'nyengo ya nkhondo za Angoni, ya malonda a minyanga ndi akapolo opita ku Nkhotakota, ya kufika kwa amishoni ndi ya msonkho wa atsamunda. Adali mlenje ndi wamalonda, wokonda kuyesa mbewu zatsopano ndi ulimi wothirira, ndipo adakana gule m'mudzi mwake n'kulandira sukulu ndi Chikhristu. Sadali mfumu yaikulu, ndipo mbiri ya atsamunda ikadamudumpha. Timamudziwa chifukwa mphunzitsi wina adaona kuti moyo wa nyakwawa ndi woyenera buku, n'kusonkhanitsa zimene anthu omudziwa ankakumbukira. T. Cullen Young adalimasulira m'Chingelezi, ndipo lidatuluka ku London mu 1949 ndi mutu wakuti Headman's Enterprise. Young ameneyu ndi mmishoni yemwe nkhani imati adatulutsa Kamuzu wachichepere m'chipinda cha mayeso mu 1915, ndipo mu 1946 awiriwa adakonzera limodzi buku la Our African Way of Life.

Njira ya Ntara nayo ili ndi minga. Adali munthu wa mishoni, womasulira wake adali mmishoni, ndipo nkhani ya Msyamboza imayenda ngati ulendo wochoka mumdima kupita kowala. Anthu a kudambwe, omwe adaona kukanidwa kwa gule ngati kulandidwa mudzi, sapatsidwa mpata wofanana. Akapolo omwe adagulidwa ndi kugulitsidwa salankhula. Wolemba moyo wa mnzake amasankha zoti zilowe ngati momwe amachitira wolemba moyo wake. Koma pali chinthu chimodzi chimene Ntara adachita chomwe Nehru ndi Chipembere sadachite: adalemba za munthu wa kumudzi, m'chinenero choti adzukulu a munthuyo atha kuwerenga n'kunena kuti apa mwanama, agogo sadatero. Buku loti eni nkhani angathe kulitsutsa ndi lamoyo kuposa loti amangomva kuti liliko ku laibulale ya ku Zomba.

Ntchito imeneyi idapitirirako. Ophunzira a mbiri pa Chancellor College m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankatumidwa kwawo pa tchuthi kukafunsa akuluakulu, ndipo Kings Phiri adamanga kafukufuku wake wa 1975 wonena za Achewa pa mbiri yapakamwa. Koma mafunso a nthawiyo ankayenera kuthera kutali ndi 1964. Za Undi ndi Kalonga ukadatha kufunsa. Za amene adatengedwa usiku pa Land Rover, ayi.

Chatsalira ife

Chiletso chimenecho chidatha mu 1994, ndipo papita zaka zoposa 30. Malamulo atsopano a dziko adakhazikitsa bwalo loona za chipukuta misozi kwa ozunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi, koma ntchito yake idali yolipira, osati yolemba mbiri yoti ana aziwerenga. Pakadali pano nthawi ikutha. Amene adali ndi zaka 20 mu 1959 wapitirira zaka 85. Amene adalowa pa Dzaleka mu 1975 ali ndi zaka 25 ali cha m'ma 75. Anthu amenewa ali m'midzi ya Msakambewa, Chiwere, Kayembe, Kalumo, Nthondo ndi Kasakula, ndipo ena ndi agogo athu enieni, omwe timawapitira pa Khirisimasi n'kumangowafunsa za mvula.

Chaka ndi chaka timalemba mapepala omalizira digiri pa mitu yomwe mabuku ake tidachita kukopera pa intaneti, pomwe foni yomwe ili m'thumba ingathe kujambula mawu a maola ambiri. Sizifuna ndalama za mabungwe. Zifuna kupempha chilolezo mwaulemu, kukhala pamphasa, kufunsa m'Chichewa ndi kulemba m'Chichewa, kusunga dzina la munthu ngati iye wafuna kuti lisungidwe, ndi kubwerera kukamuwerengera zomwe talemba kuti akonze. Zifunanso mtima wofunsa mbali zonse. Amene adali mpayoniya woyang'anira akaidi, amene ankagulitsa makadi pakhomo la msika, mayi amene adavina m'mbumba mokondwa ndithu, onsewa ali ndi mbiri, ndipo tikangolemba za ozunzidwa okha tidzabwereza vuto la buku la mbali imodzi.

Kwa andale athu a lero pempho ndi lina. Lembani mukadali moyo, anzanu omwe mudakangana nawo akadali moyo, kuti akuyankheni. Vera Chirwa adatero mu 2007, ndipo mawu a Rose Chibambo adasungidwa m'buku lomwe Timwa Lipenga adatulutsa mu 2019. Ambiri amadikira kuti mbiri yawo idzawerengedwe pa maliro, pomwe aliyense amakhala wolungama.

Chipembere adayamba kulemba, koma dziko lake lidali lotseka ndipo thupi lidamukana. Anthu amene adamangidwa chifukwa cha dzina lake sadapatsidwe n'komwe cholembera. Kuchokera ku Kayoyo kufika ku Dzaleka si ulendo wautali, ndipo m'midzi ya m'njiramo mudakali anthu amene akukumbukira. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Zimene agogo akudziwa zidakali pachala.